Zomwe Zimachititsa Kuti Mitengo ya Zipangizo Zomangira Zochokera Kunja Izisintha

Unduna wa Zamalonda ndi Mafakitale ukufuna kufotokozera anthu onse zifukwa zomwe mitengo ya malata, zitsulo, misomali, matailosi, magalasi ndi simenti imasinthira.

Chifukwa chachikulu ndi mphamvu ya kwacha, popeza katundu wakunja amagulidwa ndi ndalama zakunja, makamaka dola ya ku America. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Motero katundu wa madola 1,000, amene ankagulidwa pa K1,180,000, adayamba kufuna K1,700,000 asanakwezedwe n'komwe pa galimoto. Ndalama zakunja zikamasowa m'mabanki, amalonda amachedwa kuitanitsa katundu, ndipo akachepa pamsika mtengo umakwera.

Chachiwiri ndi mtengo wonyamulira. Dziko lino lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho katundu wochokera kutali amatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Simenti ndi zitsulo n'zolemera, kotero mafuta akakwera, mtengo wa thumba lililonse umakhudzidwa. Pamwamba pake pali misonkho yomwe bungwe la MRA limatolera pachipata, ngakhale kuti katundu wopangidwa m'maiko a SADC ndi COMESA, akakhala ndi chikalata chotsimikizira kumene adapangidwa, msonkho wake wapachipata umatsika.

Katundu wopangidwa konkuno nayenso sapulumuka. Malata ambiri amaumbidwa kuchokera ku zitsulo zoitanitsa kunja, ndipo mafakitale a simenti a ku Kasungu, Mangochi ndi Blantyre amadalira mafuta ndi zida za makina zochokera kunja.

Komabe, zifukwa zimenezi sizipereka ufulu wodyera anthu masuku pamutu. Malamulo amaletsa kubisa katundu pofuna kuti adzakwere mtengo, ndipo oona mchitidwewu akadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Unduna ukulangizanso omanga kuti azifunsa mitengo m'masitolo angapo, azilandira lisiti, komanso azigula katundu wovomerezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Pogula malata, adziwe kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: la geji 28 n'lokhuthala kuposa la geji 32. Chotsika mtengo chosalimba chimadzalipiritsa kawiri, ndipo chimaika miyoyo ya okhala m'nyumbamo pachiswe.