Maphunziro a osamalira odwala sitiroko asathere pa satifiketi

Pa odwala omwe amafika pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, alipo ena omwe achibale awo amafotokoza nkhani yofanana. Munthu anadzuka bwinobwino, n'kupita kumunda kapena kumsika, kenaka pakamwa panapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zinalefuka, mawu anasowa. Kumudzi amati wafa ziwalo, ena n'kumanong'onezana kuti am'menya ndi hamala ya afiti. Kuchipatala amati ndi sitiroko: mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika.

Gulu lina ndi la anthu ovulala m'mutu, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata. Wina wagwa pa njinga yamoto ya kabaza alibe chipewa choteteza mutu, wina wachita ngozi m'nkhungu ya ku Chikangawa kapena pa zikhotakhota za ku Chiweta, wina wamenyedwa pobwera kokamwa. Chiyambi n'chosiyana, koma chovulala n'chimodzi, ubongo, ndipo ulendo wobwerera ku moyo wakale ndi wautali kwa onsewo.

Chipatala cha Mzuzu, chomwe chili ku Luwinga, chinatsegulidwa m'chaka cha 2000 chitamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan. Ndicho chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a kumpoto: Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma. Taganizani za munthu amene sitiroko yam'gwira ku Nthalire kapena ku Usisya. Mankhwala osungunula magazi oundana, omwe maiko olemera amadalira, amagwira ntchito akaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, komanso dokotala atayamba waunika ubongo ndi makina. Wodwala wa ku Nthalire maola amenewo amam'thera akusakasaka galimoto. Chomwe chimatsala ndi chisamaliro cha m'wodi ndi mafizo, ndipo zimenezi zili m'manja mwa namwino, kiliniko ofesala, wa mafizo ndi gadiyani wogona pansi pambali pa bedi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Moyo wa wodwalayu ukudalira zomwe anthu amenewa akudziwa lero, osati zomwe analemba pa mayeso zaka khumi zapitazo. Nzeru za chipatala zili ngati mbewu ya haibulidi yobwereza: ukamangobzala yomweyo chaka ndi chaka, zokolola zimanka zichepa.

Tiyambe ndi phala. Gadiyani aliyense akaona m'bale wake sakudya, mtima umam'pweteka, ndipo amatenga supuni n'kuyamba kum'mwetsa phala kapena tiyi wodwalayo ali chigonere. Ndi chikondi chenicheni. Koma ambiri mwa odwala sitiroko amavutika kumeza m'masiku oyambirira, ndipo ena satsokomola n'komwe chakudya chikalowera njira ya mpweya. Phala lija limatsikira m'mapapo, pakapita masiku awiri kapena atatu thupi latentha, chibayo chayamba. Chibayo chotere ndi chimodzi mwa zomwe zimapha kwambiri anthu omwe sitirokoyo inawasiya amoyo. Kupewa kwake sikufuna makina: wodwala asapatsidwe kanthu pakamwa, ngakhale mapilitsi, asanayesedwe ngati akumeza, adye atakhala tsonga, wolephereratu aikidwe kachubu kodyera ka m'mphuno. Kuyesako amagwiritsa ntchito madzi pang'ono ndi supuni, koma pamafunika diso lophunzitsidwa.

Umboni ulipo. M'chaka cha 2011 ofufuza a ku New South Wales, m'dziko la Australia, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'mawodi 19 a odwala sitiroko. Anamwino a mawodi ena anaphunzitsidwa kutsata zinthu zitatu zokha: kutentha kwa thupi, shuga wa m'magazi ndi kumeza. Patatha masiku 90, odwala 42 pa 100 alionse a m'mawodi amenewo anali atamwalira kapena akudalira ena, pomwe m'mawodi enawo anali 58 pa 100. Sanabweretse mankhwala atsopano. Anangophunzitsa anamwino pa malo awo a ntchito, n'kumawakumbutsa. Choyezera kutentha kwa thupi, kamakina koyezera shuga ndi kapu ya madzi zimapezeka ku Mzuzu, ku Rumphi ngakhalenso ku Chitipa.

Nthawi zina kafukufuku amagwetsa zomwe aliyense ankaziyesa zoona. Kwa zaka zoposa makumi atatu madokotala m'maiko ambiri ankabaya mankhwala a masiteroidi anthu ovulala m'mutu, poganiza kuti achepetsa kutupa kwa ubongo. Mu 2004 kafukufuku wotchedwa CRASH, wa odwala 10,008, anaonetsa kuti mankhwalawo amachulukitsa imfa. Mu 2019 kafukufuku wa CRASH-3 anapeza kuti mankhwala otchipa a tranexamic acid, omwe azamba amawadziwa kale pothandiza amayi otaya magazi, amachepetsa imfa mwa ovulala m'mutu mosafika pa kayakaya ngati aperekedwa pasanathe maola atatu. Kiliniko ofesala wa pa chipatala cha m'mbali mwa msewu wa M1 amene sanamve zimenezi akhoza kupereka choipa n'kusiya chabwino, ali ndi mtima wabwino ndithu.

Nawo a mafizo anadzidzimuka mu 2015. Kunali chikhulupiriro choti wodwala sitiroko akadzutsidwa msangamsanga ndi pafupipafupi, amachira bwino koposa. Kafukufuku wa AVERT, wa odwala 2,104, anapeza kuti kum'limbitsa kwambiri pasanathe maola 24 kumachepetsa mwayi wochira bwino. Izi sizikutanthauza kuti wodwala azingogona. Kugona masabata osatembenuzidwa kumabweretsa zilonda za pamsana ndi m'chiuno, mfundo zimauma, magazi amaundana m'miyendo. Nkhani ili pa muyezo: ayambe liti, kwa mphindi zingati, kangati pa tsiku. Muyezo wotere suphunziridwa kamodzi.

Pali zina zing'onozing'ono zomwe zimasautsa mtima ukaziona, chifukwa n'zopeweka. Mkono wakufa ukamakokedwa pom'dzutsa wodwala, phewa limaguluka ndipo ululu wake umakhala miyezi, mpaka munthu kukana mafizo. Ambiri okoka mkonowo sanauzidwepo kuti agwire pa thunthu ndi kuchirikiza mkono ndi pilo.

Anthu a ntchito imeneyi m'Malawi muno ndi ochepa, ndipo mbiri yake ndi yaifupi. Bungwe la MAP, lomwe linayamba ndi dzina la Malawi Against Polio ndipo pano ndi Malawi Against Physical Disabilities, ndilo lasenza ntchito ya mafizo kwa nthawi yaitali, kuphatikizapo malo a Kachere ku Blantyre omwe amagoneka odwala ofunika mafizo a nthawi yaitali. Digiri ya mafizo inayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe mu 2021 inalumikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Akatswiri ophunzitsa kuyankhula ndi kumeza, komanso ophunzitsa munthu kuvala, kusamba ndi kuphika ndi dzanja limodzi, ndi owerengeka m'dziko lonse. Wodi yoyamba yapadera ya odwala sitiroko inatsegulidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023. Zonsezi n'zoyamikika. Koma kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, ndipo ku Blantyre n'kutali kuposa apo. Wodwala wa kumpoto sangadikire kuti akatswiri achuluke. Amene ali nayewo ndiwo ayenera kudziwa zambiri.

Dongosolo la maphunziro opitiriza lilipo kale. Mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi amafuna kuti ogwira ntchito za umoyo azisonkhanitsa mapointi a maphunziro otere, omwe amadziwika kuti CPD, kuti chiphaso chawo chogwirira ntchito chipitirire. Lamuloli ndi labwino. Chofunika kufunsa n'chakuti mapointiwo akuchokera pa phunziro lanji. Kwa zaka zambiri ndalama za maphunziro a zaumoyo zakhala zikutsata matenda omwe abwenzi akunja amaikapo ndalama: Edzi, malungo, TB, uchembere. Palibe angatsutse kufunika kwake. Komatu namwino akhoza kukwanitsa mapointi ake chaka ndi chaka osamvapo phunziro la kumeza, la kagonekedwe ka wodwala wakufa mbali imodzi, kapena la zizindikiro zoti magazi akuunjikana m'chigaza cha mnyamata amene anafika akuyankhula dzulo koma lero akungosinza.

Ndipo tinene poyera za mawekishopu a m'mahotela. Kutenga anthu awiri kupita nawo kunyanja kwa masiku atatu, kuwaonetsa zithunzi pakhoma, kuwapatsa alawansi ndi satifiketi, si njira yophunzitsira manja. Kusamutsa munthu wolemera kuchoka pabedi kupita pa njinga ya olumala kumaphunziridwa pabedi pomwepo, wodziwa ataima pambali n'kumakonza. Phunziro la theka la ola sabata iliyonse m'wodi, la anamwino, makiliniko ofesala, a mafizo ndi othandiza odwala onse pamodzi, likhoza kusintha zambiri kuposa ulendo umodzi wa kunyanja. Mzuzu ili ndi poyambira. Mzuzu University imaphunzitsa anamwino, St John's ndi Ekwendeni zili ndi makoleji a zaumoyo, St John of God ili ndi koleji komanso ukatswiri pa matenda a maganizo. Pa foni ndi pa intaneti katswiri wa ku Blantyre angathe kukambirana za wodwala ndi anzake a ku Karonga popanda wina kukwera basi.

Ukatswiri wa St John of God ukufunika pa chifukwa china chomwe sichionekera pa thupi. Munthu wovulala ubongo akhoza kuyenda bwinobwino koma ali wosinthika: wokwiya msanga, woiwalaiwala, wosaugwira mtima, wolira popanda chifukwa. Ena amayamba kugwa khunyu. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse opulumuka sitiroko amadwala matenda okhumudwa. Banja lomwe silinachenjezedwe limati bambo ayamba nkhanza kapena apenga, ukwati n'kugwedezeka, ntchito n'kutha. Wa chipatala wodziwa akanawakhazika pansi tsiku lotuluka n'kuwauza kuti izi n'za kuvulalako, ndipo thandizo lake lilipo.

Palinso chiyankhulo. Wodwala amene sitiroko yam'landa mawu ayenera kuyesedwa ndi kuphunzitsidwa m'chiyankhulo chake. Agogo a ku Mzimba ayambirenso kutchula madzi ndi mayina a zidzukulu m'Chitumbuka, a ku Chintheche m'Chitonga, a ku Karonga m'Chinkhonde. Zipangizo zoyesera zolembedwa ku London sizingawathandize zisanakonzedwe ndi anthu a konkuno.

Ena anganene kuti poti akatswiri ndi ochepa, tingophunzitsa magadiyani basi. Maganizowa anayesedwa ku India. Kafukufuku wa ATTEND, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anatsata odwala 1,250, ndipo theka la mabanja awo anaphunzitsidwa kuchititsa mafizo kunyumba. Patatha miyezi isanu ndi umodzi panalibe kusiyana pakati pa magulu awiriwo. Gadiyani ndi wofunika kwambiri, ndipo m'zipatala zathu ndiye amasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala. Koma sangalowe m'malo mwa munthu wophunzira ntchito amene amam'tsata wodwala mpaka kumudzi n'kumasintha zochita malinga ndi momwe akupezera.

Odwalawa sachepa posachedwa. Kafukufuku wa boma ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP), ambiri osadziwa. Kafukufuku wina wa ku Blantyre, wotuluka mu 2016 ataunika odwala sitiroko 222, anapeza kuti BP ndiyo ili patsogolo pa zoyambitsa sitiroko, koma kachirombo ka HIV n'kofunika kwambiri pakati pa odwala achichepere, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba kumwa ma ARV. Ndiye kuti wogwira ntchito ku kiliniki ya ma ARV nayenso ayenera kuzindikira nkhope yopotoka, kuyeza BP, ndi kulimbikitsa anthu kuyamba mankhwala chitetezo chisanatsike kwambiri.

Mu Meyi 2023 maiko a m'bungwe la WHO, Malawi ali momwemo, anagwirizana koyamba pa msonkhano wawo waukulu kuti mafizo ndi chithandizo chobwezeretsa mphamvu zikhale gawo lenileni la ntchito za umoyo. Unduna wa Zaumoyo, makhonsolo awiri aja, makoleji a mu Mzuzu ndi Ekwendeni komanso Physiotherapy Association of Malawi akhale pansi, akonze maphunziro a sitiroko ndi kuvulala m'mutu okhala ndi mapointi a CPD, ophunzitsidwira m'wodi, ndipo awafikitse pa chipatala cha boma lililonse la kumpoto, Likoma osaiwalika.