Kodi mumadziwa? Ferrari yakale yokwera mtengo kuposa itatuluka kumene

Galimoto ikangotuluka m'sitolo, mtengo wake umayamba kutsika. Koma Ferrari 458 Speciale, yomwe inatuluka mu 2013, lero imagulidwa ndalama zochuluka kuposa mtengo wake ili yatsopano.

Chinsinsi chagona mu injini. Injini yake ya V8 ya malita 4.5 imadzikokera yokha mpweya, ndipo imazungulira mpaka maulendo 9,000 pa mphindi. Woyendetsa akangoponda pang'ono, galimoto imamvera pompo, kulira kwake kukukwera mpaka kuthwa m'makutu.

Mu 2015 kampaniyi inabweretsa 488 GTB, ya injini yocheperako ya malita 3.9 koma yokhala ndi ma turbo awiri. Turbo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, kenako nkumakankhira mpweya wambiri m'kati. Mphamvu zinakwera kufika pa mahosipawa 670, pomwe Speciale inali ndi 605. Malamulo a ku Ulaya ochepetsa utsi woipa ndiwo anakankhira opanga magalimoto njira imeneyi, ndipo pamenepo sindiwadzudzula.

Komabe utsi ukadutsa mu turbo, phokoso lija limazilala. Okonda magalimoto anazimva. Popeza 458 ndiyo inali yomaliza ya V8 yopanda turbo pa mtundu umenewu, ogula amaikanganirana. Porsche nayo inaika injini ya turbo ya masilinda anayi mu 718 Cayman mu 2016, koma mu 2020 inabwezeretsa ya masilinda 6 yopanda turbo mu GTS 4.0.