Chigoba chimanamiza: momwe DNA ikuthandizira kuzindikira nkhono za m'nyanja yamchere

Kwa zaka mazana ambiri, akatswiri ankatcha nkhono maina poyang'ana chigoba: kutalika kwake, mizere yake, mawanga ake ndi momwe chapotokera. Koma chigoba chimanamiza. Nkhono ziwiri za mtundu umodzi zitha kusiyana maonekedwe chifukwa ina inakulira pamiyala pomwe mafunde amawomba, inzake pamchenga pabata. Komanso mitundu iwiri yosiyana itha kufanana ngati mapasa.

M'chaka cha 2003, Paul Hebert wa pa yunivesite ya Guelph ku Canada ndi anzake anabwera ndi ganizo lakuti nyama iliyonse izizindikiridwa powerenga kachigawo kamodzi ka DNA kotchedwa COI, komwe kali ndi zilembo pafupifupi 650. Njirayi anaitcha DNA barcoding, poifanizira ndi timizere takuda tomwe makina a m'sitolo amawerenga pa katundu. Pakati pa nkhono za mtundu umodzi zilembozi zimasiyana pang'ono chabe, pomwe pakati pa mitundu iwiri kusiyanako kumakula. Zomwe zawerengedwa zimayerekezedwa ndi zosungidwa m'nkhokwe za pa intaneti monga BOLD ndi GenBank.

Kunena n'kosavuta, koma ntchito yake ndi ya thukuta. Nkhono ikagwidwa imadzikokera m'kati ndi kutseka pakhomo, ndiye mowa wa ethanol womwe amasungiramo nyama yake sulowa, ndipo DNA imawonongeka. Ofufuza ankaboola chigoba kapena kugonetsa nkhonoyo ndi mankhwala kuti ituluke. Mu 2014 akatswiri a ku Muséum national d'Histoire naturelle ku Paris anafotokoza njira yachidule: kuika nkhono mu maikulowevu kwa timasekondi. Mnofu womwe umagwira chigoba umamasuka, thupi limasololoka, kachidutswa ka phazi kamaikidwa mu ethanol, ndipo chigoba chimasungidwa chosasweka, chili ndi nambala yofanana ndi ya kachidutswako.

Zotsatira za DNA barcoding n'zodabwitsa. Mu 2012 Nicolas Puillandre ndi anzake anawerenga DNA ya nkhono pafupifupi 1,000 za banja la Turridae za m'nyanja ya Pacific. Anapezamo mitundu 87, ndipo chiwerengero cha mitundu yodziwika ya gulu la Gemmula, la m'banja lomweli, chinawirikiza kuposa kawiri.

Kodi kuzindikira nkhono kumamukhudza bwanji munthu wodwala? Nkhono za gulu la Conus zimasaka nsomba, nyongolotsi ndi nkhono zinzake pozibaya ndi kadzino konga mkondo kokhala ndi ululu. Ina, Conus geographus, yaphapo anthu. Koma mu ululu womwewu muli mankhwala. Kafukufuku wa gulu la Baldomero Olivera ku yunivesite ya Utah anatsegula njira ya ziconotide, mankhwala oletsa kupweteka kwakukulu omwe anachokera ku Conus magus ndipo dziko la America linawavomereza mu 2004. Odwala amawalandira m'madzi a mu msana mankhwala ena akalephera. Mtundu uliwonse wa Conus uli ndi kasakanizidwe kakekake ka ululu. Wofufuza akasokoneza mitundu iwiri, mnzake wofuna kubwereza ntchitoyo adzagwira nkhono ina, ndipo zaka ndi ndalama zidzapita pachabe.

Komabe ndisabise: makina sadziwa dzina lomwe munthu sanawapatse. Mu 2009 gulu la Puillandre linayesa kuzindikira mazira a nkhono a ku Philippines pogwiritsa ntchito DNA. Ambiri anangodziwika banja lake, mtundu weniweni ayi, chifukwa m'nkhokwe munalibe chowayerekezera nacho. Choipa kwambiri n'chakuti wina akalowetsa DNA pansi pa dzina lolakwika, onse obwera pambuyo amatengera cholakwacho. N'chifukwa chake chigoba chija chimasungidwa, kuti katswiri wodziwa maonekedwe adzachitenge m'manja ndi kutsimikiza. Akatswiri otere ndi ochepa, ndipo ine ndikuona kuti kugula makina osaphunzitsa anthu amenewa n'kutaya ndalama.

Malawi alibe nyanja yamchere, koma njira yomweyi yatithandiza kale. Mu 2017 ofufuza anapeza nkhono za Biomphalaria pfeifferi m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, ndipo anatsimikiza dzina lake powerenga kachigawo komweka ka COI. Nkhonoyi ndi yomwe imafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana a sukulu a m'derali atayezedwa, matendawa anapezeka mwa ambiri.

Tikufunika achinyamata athu omwe angadziwe zonse ziwiri, kuwerenga DNA ndi kuzindikira chigoba. Sukulu zathu zaukachenjede ziwaphunzitse, ndipo boma liike ndalama pa kusunga nkhono za m'madzi athu ndi maina ake olondola.