Kapaipi Kotsegula Njira ya Mpweya

Alipo anthu ena amene anachira chifuwa chachikulu cha TB koma mpaka lero amapuma mobanika, pakhosi pakumveka ngati mluzu. Achibale amangoti ndi mphumu. Komatu nthawi zina si mphumu ayi. Zilonda za TB zikapola zimatha kusiya zipsera zimene zimachepetsa njira ya mpweya yopita kumapapo. Chotupa cha khansa nachonso chimatero.

Wodwala wotere madokotala amamugoneka ndi mankhwala, kenaka kudzera m'kamwa amalowetsa kapaipi kotchedwa stent, kopangidwa ndi mphira wa silikoni kapena waya wolukidwa. Kamakakhala pamalo pothinapo n'kumachirikiza njirayo monga mphanda zichirikizira nkhokwe, mpweya n'kumadutsa bwino. Ka silikoni kanatchuka mu 1990, dokotala wa ku Marseille ku France, Jean-François Dumon, atalengeza zotsatira za ntchito yake.

Koma kapaipika sikachiza matenda amene anathinitsa njirayo. Kangathenso kutsekeka ndi makhololo kapena kusuntha, motero wodwala amayenera kumabwerera kuchipatala chachikulu. Chitetezo chapafupi n'chakuti wotsokomola kwa masabata 2 akayezetse makhololo msanga, ndipo akapezeka ndi TB amalize mankhwala a miyezi 6 osadumphitsa tsiku.