Kupikisana ndi Wotchi pa Phiri

Mukalaŵirira m'mamaŵa kuno ku Lilongwe, mumakumana ndi anthu a magulu aŵiri pamseu. Ena amathamanga m'miseu ya ku Area 10 ndi Area 43 kuti alimbitse thupi. Ena amayenda ndawala kuchokera ku Mtandire, Kawale kapena Chinsapo kuti asachedwe kuntchito. Kapena inu muli m'gulu lachiŵirili. Ngati ndi choncho, mukudziŵa kale kulimbana ndi nthaŵi. Tiyeni tsono tiŵerenge za anthu amene amalimbana ndi nthaŵi pa phiri.

Kodi mpikisano wake ndi wotani?

Pa mpikisano wa liŵiro umene tidauzoloŵera, munthu amafuna kupitirira anzake. Koma ulipo mtundu wina. Munthu amasankha njira imodzi ya m'phiri yodziŵika bwino. Amafunsa kuti, "Kodi katswiri wa onse adatha nthaŵi yotani m'njira imeneyi?" Akamva, amayesa kuchepetsa nthaŵiyo. Tsiku amasankha yekha. Mnzake wopikisana naye ndi wotchi basi.

Tione chitsanzo. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania ndi lalitali mamita 5,895. Njira zake zimayamba m'nkhalango yoŵirira, nkukathera pamwamba pozizira kwambiri. Alendo ambiri amatha masiku 5, 6 kapena 7. Koma mu 2006 Simon Mtuy wa ku Tanzania komweko adakwera ndi kutsika m'maola 9 ndi mphindi 21. Mu 2010 Kilian Jornet wa ku Spain adatha maola 7 ndi mphindi 14. Mu 2014 Karl Egloff wa ku Ecuador adatha maola 6 ndi mphindi 42.

Nanga kwathu kuno?

Ife tili ndi phiri la Mulanje. Nsonga yake yaitali ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Kumeneko kuli mpikisano wotchedwa Porters Race, umene umachitika mwezi wa Julayi. Udayamba ngati mpikisano wa anthu onyamula katundu wa alendo ndi operekeza alendo m'phiri. Pambuyo pake adaloleza aliyense, amuna ndi akazi omwe.

Othamanga amanyamukira pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri. Amakwera chikweza chachikulu mpaka ku Chambe. Akatero amadutsa pamwamba kupita ku Lichenya, nkutsikiranso pa Likhubula. Mtunda wonse ndi wopitirira makilomita 20. Kwa mlendo wamba, kungokwera ku Chambe kokha ndi ulendo wa maola 3 kapena 4. Koma akatswiri amazungulira njira yonseyo m'maola 2 ndi mphindi zingapo. Ndipo wopambana sakondwa ndi kupitirira anzake kokha. Amafunsanso ngati wachepetsa nthaŵi ya akatswiri a zaka zam'mbuyo.

Chinsinsi chake n'chiyani?

Mwina mukuganiza kuti chofunika ndi liŵiro lokha. Iyayi. Pali zinthu zitatu.

Choyamba ndi kudziŵa njira. Wonyamula katundu wa ku Mulanje wadutsa njira imeneyo kambirimbiri, mtolo uli pamutu. Amadziŵa mwala woterera, muzu wopunthwitsa, ndiponso khwaŵa la madzi abwino. Saima kuti aganize pamphambano. Mlendo, ngakhale akhale waliŵiro chotani, amataya mphindi zambiri pofunafuna popondera.

Chachiŵiri ndi kugaŵa mphamvu. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Pachikweza choopsa ngakhale akatswiri amaleka kuthamanga. Amayenda ndawala, manja ali m'maondo. Amene ayamba ndi liŵiro lonse amathedwa mpweya asanafike pamwamba. Kumbukiraninso kuti kutsika sikupumula ayi. Potsika ndi pamene ntchafu zimanjenjemera, ndipo munthu wotopa sachedwa kugwa kapena kubinya phazi.

Chachitatu ndi umboni. Munthu sangangonena pakamwa kuti, "Ndathamanga maola aŵiri," anthu nkuvomera. Pafunika mboni poyambira ndi pomalizira. Nthaŵi yonyamukira ilembedwe, yofikiranso ilembedwe. Masiku ano ambiri amavala wotchi kapena kunyamula foni imene imasunga njira yonse imene munthu wadutsa. Wodulira njira yachidule amadziŵika, ndipo nthaŵi yake saiŵerengera.

Moyo uposa mphindi

Phiri si bwalo la mpira. Ku Mulanje nyengo imasintha mwadzidzidzi. Dzuŵa likhoza kuŵala m'maŵa, koma masana chiperoni chafika, nkhungu yakuta paliponse, osaona ngakhale mwala uli patsogolo panu. Mu 2003 mlendo wina wa ku Netherlands adasoŵa m'phirimo. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil adafera momwemo. Onse aŵiri adali okha, akuloŵera cha ku Sapitwa popanda woŵaperekeza.

Choncho wothamanga wanzeru amauza anthu njira imene adzere ndi nthaŵi imene abwerere. Amatenga madzi, kachakudya pang'ono ndi chovala cha mphepo. Nkhungu ikatseka njira, amabwerera. Phiri silisamuka. Adzayesanso tsiku lina.

Wothamanga wanzeru amasamalanso nkhalango. Ku Mulanje ndi kwawo kwa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira mu 1984. Mitengo yambiri ya mtundu umenewu idatha chifukwa cha odula mobisa ndiponso moto wolusa. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka, njira nkusanduka chigwembe.

Kodi inu mungayambe bwanji?

Mzinda wathu ndi wachidikha, koma mapiri sali kutali. Tili ndi Bunda, Nkhoma ndi Dedza. Komabe musayambire kuphiri. Yambani ndi njira imene mumayenda masiku onse, monga kuchokera ku msika wa ku Old Town kukafika ku City Centre. Pezani kope. Lembani tsiku, nthaŵi yonyamukira ndi nthaŵi yofikira. Mukanyamuka 6:10 nkufika 7:15, mwayenda ola limodzi ndi mphindi 5. Ukatha mwezi, yerekezani manambala anu. Mudzaona nokha ngati mphindi zikuchepa. Mukadzafuna kuyesa phiri, pitani ndi munthu wodziŵa njira. Ulendo woyamba ukhale wophunzira njira, osati wopikisana. Ngati mumadwala mtima kapena mumabanika, yambani mwafunsa kuchipatala.

Mafunso okambirana

1. Kodi njira ya Porters Race imadzera malo ati?
2. Karl Egloff adachepetsa nthaŵi ya Kilian Jornet ndi mphindi zingati?
3. Chifukwa chiyani onyamula katundu a ku Mulanje amaposa alendo pa liŵiro la m'phiri?
4. Mukadakhala inu, nkhungu nkukupezani mutatsala pang'ono kufika pamwamba, mukadatani?