Maselo akasiya kugwirana

Thupi la munthu linapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tochedwa maselo. Maselo saoneka ndi maso. Amaoneka pa makina a maikulosikopu.

Maselo a khungu sakhala payekhapayekha. Amagwirana. Kunja kwa selo lililonse kuli mapuloteni amene ali ngati timanja. Timanja ta selo limodzi timagwira timanja ta selo linzake. N'cifukwa cake khungu la mwana silimwazika akamasambira m'nyanja.

Asodzi a ku Metangula ndi ku Cobué amadziwa kuti ukonde umalimba ndi mfundo zake. Mfundo zikamasuka, ukonde umang'ambika. Timanja ta maselo tili ngati mfundo zimenezi. Dzina la timanjati ndi cadherin. Mu 1977, Masatoshi Takeichi wa ku Japan anaonetsa kuti timanjati timafuna kashiamu kuti tigwire. Kashiamu ndi yemwe uja amalimbitsa mafupa.

Nthawi zina selo limaonongeka. Limaculukana osaleka, mpaka papezeka cotupa. Zotupa zina sizicoka pamalo pake. Zina ndi khansa. Pa Cipwitikizi amati cancro.

Pa khansa, timanja tija timacepa. Selo limataya anzake ngati bwato limene cingwe cake camasuka tsiku la mwera. Koma bwato limangotengeka ndi mafunde, pamene selo la khansa limayenda lokha. Lili ndi mapuloteni ena ochedwa integrin, amene ali ngati timiyendo. Limagwira kutsogolo, n'kudzikoka, n'kutaya kumbuyo. Limakwawa pang'onopang'ono mpaka kulowa m'mitsempha. Ambiri mwa maselowa amafera m'njira. Ocepa amafika m'mapapo, m'ciwindi kapena m'mafupa, n'kuyamba cotupa cina. Ena amaima m'khwapa kapena m'khosi, pamene pamatupa mwanabele.

Khansa sicoka kwa munthu wodwala kupita kwa mnzake. Ulendo wake ndi wa m'thupi limodzi basi. Mwana angathe kudya nsima mbale imodzi ndi agogo ake odwala popanda mantha.

Cotupa cikadali pamalo amodzi, dokotala angathe kucicotsa. Maselo akamwazikana, nchito imakula kwambiri. Cotupa ca khansa nthawi zambiri sicipweteka poyamba, ndipo apa ndi pamene anthu amanamizika, n'kumadikira. Banja likaona cotupa cimene cikukula, kapena bala losapola, lipite ndi wodwala kucipatala ca pafupi. Anamwino akaona kuti n'kofunika, amamutumiza kucipatala cacikulu ca ku Lichinga.

Ku Mozambique, khansa imene imagwira amayi ambiri ndi ya khomo la ciberekero. Imayamba ndi kacilombo ka HPV. Papita zaka zambiri maselo ake asanayambe kuyenda, ndipo amayi akapimidwa msanga, anamwino amapeza malo odwala akadali aang'ono. Mu 2021 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9.