Anamwino ndi madotolo abwerera ku sukulu osasiya wodi

MWANA wa miyezi 6 akayamba kutupa manja ndi mapazi, maso acikasu, magazi kucepa kawirikawiri, ndipo kucipatala anena kuti ndi matenda a sickle cell, makolo asanafunse za mankhwala amayamba kufunsa kuti matendawa acokera kwa yani. Akucimuna amaloza mai, akucikazi amaloza bambo, ndipo nthawi zina agogo amakhala atapeza kale dzina la mfiti. Woyankha funso limeneli amakhala namwino kapena dotolo amene ali pa nchito tsiku limenelo, ndipo mau ake akhoza kumanga kapena kupasula banja.

Yankho lilipo ndithu. Mwana amadwala sickle cell pokhapo ngati watengera cibadwa ca matendawa kwa makolo onse awiri, ngakhale iwo eni ali athanzi ndipo sanadwalepo. Koma kulifotokoza bwino kumafuna maphunziro amene anyanchito ambiri a zaumoyo sanawalandire mokwanira, popeza nzeru zimenezi zakula iwo atayamba kale nchito.

M'maselo a thupi la munthu muli DNA, imene ili ngati buku la malangizo a kapangidwe ka thupi. Bukuli linalembedwa ndi zilembo zinai cabe, A, C, G ndi T, zobwerezabwereza mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni, ndipo munthu amalandira buku limodzi kwa mai ndi lina kwa bambo. Zigawo zake zimachedwa ma gene, ndipo alipo pafupifupi 20,000. Ena polemba Cinyanja amati "majini", koma namwino wouza kholo kuti mwana ali ndi vuto la majini asadabwe akamva kuti mawa lake mwanayo ali kwa ng'anga. Sickle cell imayamba cifukwa ca kusintha kwa cilembo cimodzi cokha mu gene yopanga haemoglobin, cinthu cimene cimanyamula mpweya m'magazi.

Kuwerenga buku lonseli koyamba kunatenga zaka 13, kucokera mu 1990 kufika mu 2003, ndipo kunadya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni a ku America. Masiku ano makina amaliwerenga m'masiku owerengeka pa mtengo wosafika madola 1,000.

Dziko la England linakumana ndi vuto la kusowa anthu odziwa nchitoyi msanga. Mu Disemba 2012 nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, a David Cameron, analengeza za 100,000 Genomes Project, nchito yowerenga DNA yonse ya odwala khansa ndi odwala matenda osowa pamodzi ndi acibale ao. Ciwerengero ca 100,000 cinakwana mu Disemba 2018. Zotsatira zikabwera kucokera ku makina, zinali kufikira m'manja mwa madotolo, anamwino, azamba ndi opereka mankhwala amene sanaphunzirepo kuziwerenga. Kuwacotsa onse pa nchito kwa caka cathunthu kukanasiya odwala opanda owasamala.

Motero mu 2015 bungwe la Health Education England, limene pa nthawiyo linali kuyang'anira maphunziro a anyanchito a zipatala za Boma, linakhazikitsa digiri ya Master's ya genomic medicine, ndiko kuti kuciza poyang'ana DNA ya wodwala. Mayunivesite monga Cambridge, Manchester, Birmingham, Exeter ndi Imperial College London anayamba kuiphunzitsa, ndipo Boma linali kulipirira anyanchito ake ofuna kuphunzira.

Canzeru ca maphunzirowa cili pa kudulidwa kwake m'zigawo zing'onozing'ono. Munthu amene ali ndi digiri yoyamba akhoza kutenga cigawo cimodzi cokha cokhudza nchito yake n'kulekera pomwepo. Akatsiriza zigawo 4 amalandira setifiketi, zigawo 8 dipuloma, ndipo akaonjezapo kafukufuku wake amalandira Master's, kawirikawiri patatha zaka 2 kwa amene aphunzira ali pa nchito. Cigawo ciliconse cimafuna masiku ocepa a m'kalasi kapena a pa intaneti, kwina konse ndi kuwerenga payekha. Mzamba amasankha za matenda a kumtundu, wa mankhwala amasankha za mmene cibadwa cimasinthira kagwiridwe ka mankhwala m'thupi, wa m'labotale amasankha za tuzirombo kapena za kusanthula zotsatira pa kompyuta.

Phindu la kuphunzira munthu ali pa nchito ndi lakuti cimene wamva m'kalasi Lolemba akhoza kukumana naco pa bedi la wodwala Lacinai. Citsanzo cabwino ndi ca gentamicin, jekeseni imene imapulumutsa makanda ambiri odwala m'magazi. Ku Britain, mwana mmodzi pa 500 alionse amabadwa ndi kusintha kwa DNA kumene kumacititsa kuti mankhwalawa amugonthetse makutu moyo wake wonse. Mu 2020 zipatala za ku Manchester ndi Liverpool zinayesa kamakina kopima kusinthaku pogwiritsa nchito thonje lopukutira m'kamwa mwa khanda, kotulutsa yankho pa mphindi 26. Amene anali kupima, usana ndi usiku, anali anamwino a m'wodi ya makanda. Khanda likapezeka nako linali kupatsidwa mankhwala ena nthawi isanathe.

Komabe kuphunzira kotere si kopepuka. Namwino wocoka ku nchito ya usiku amayenera kutsegula mabuku pamene anzake agona, ndipo masiku a m'kalasi amadalira kuti mkulu wa wodi apeze wina wogwirizira. Kumene anyanchito ndi ocepa kale, cilolezo ca masiku asanu cimavuta kuposa ndalama za sukulu.

Kuno ku Africa njira yofanana nayo inayamba mu 2016 pa msonkhano wa akatswiri a za cibadwa ku Senegal, kumene kunabadwa African Genomic Medicine Training Initiative. Maphunziro ake oyamba, mu 2017, anali a anamwino m'maiko 11. Aphunzitsi anali kuphunzitsa kudzera pa intaneti, pamene ophunzira anali kusonkhana m'kalasi kwao komweko ndi wowatsogolera, osacoka pa nchito. Anayambira anamwino popeza akatswiri enieni a matenda a kumtundu ndi ocepa kwambiri mu Africa, ndipo wodwala wa kumudzi amaonana ndi namwino nthawi zambiri kuposa dotolo.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za maiko olemera, koma kupima DNA kunalowa kale m'zipatala za m'Zambia. Makina a GeneXpert, amene bungwe la World Health Organization linavomereza mu Disemba 2010, amapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma. Amafunafuna DNA ya kacirombo ka TB m'makhololo, ndipo pa maola awiri amanenanso ngati kaciromboko kasintha gene imene imakacititsa kusamva mankhwala a rifampicin. Mu Disemba 2020 akatswiri a pa University of Zambia anawerenga cibadwa ca kacirombo ka COVID-19 m'zitsanzo 23 napeza kuti 22 zinali za mtundu watsopano umene unayamba kuoneka ku South Africa. Nawonso amene anamwapo efavirenz, mankhwala a HIV amene ambiri anali kumwa dolutegravir asanabwere, akumbukira cizwezwe ndi maloto oipa. Cina mwa zifukwa zake ndi cakuti anthu ambiri a mu Africa ali ndi mtundu wa gene ya CYP2B6 umene umacedwetsa thupi kucotsa mankhwalawa m'magazi.

Pali cinanso cimene wophunzira wa kuno ayenera kucenjera naco. Kuwerengera kwa mu 2019 kunaonetsa kuti pa anthu 100 alionse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wa za cibadwa pa dziko lonse, a mtundu wa ku Africa anali pafupifupi 2 cabe. Ziwerengero za m'mabuku a ku England sizingatengedwe monga zilili n'kuziika pa wodwala wa ku Katete kapena ku Lundazi.

Cigawo cimene cimaoneka copepuka pa ndandanda, ca kakambidwe ndi odwala, ndico cimayesa munthu kwenikweni. Mu 2021 ana oposa 500,000 anabadwa ndi sickle cell pa dziko lonse, ambiri a iwo kum'mwera kwa cipululu ca Sahara, ndipo mwana wopezeka msanga akalandira penicillin tsiku ndi tsiku, akatemera onse ndi citetezo ca malungo amakhala ndi mwai waukulu wokula. Makolo akamva kuti mwai wobereka mwana wodwala ndi umodzi pa inai, ambiri amaganiza kuti popeza woyamba wadwala, atatu otsatira adzakhala bwino. Zoona zake n'zakuti mimba iliyonse imayambira pa ciyambi, ndipo banja likhoza kukhala ndi ana odwala awiri otsatana kapena osakhala naye ngakhale mmodzi.

Ophunzira amaphunzitsidwanso za tsiku limene magazi a mwana aonetsa sickle cell, a mai aonetsa kuti ali ndi cibadwaco, koma a bambo sakuonetsa kanthu. Nthawi zina labotale inasokoneza mabotolo, nthawi zina bambo ali ndi vuto lina la haemoglobin monga beta thalassaemia limene kupima koyamba sikunaone, ndipo nthawi zina mwana si wao. Namwino wophunzitsidwa amacenjeza makolo za zotere asanatenge magazi, ndipo zotsatira zikabwera conco amayamba wapimitsanso asananene kanthu kwa aliyense.